Mlamu Wanga Yotamu, Wodziwa Polasa Nyeleti

Loweruka lapitali tinapha mbuzi pakhomo pa a Yotamu Sakala, chifukwa chaka chakwana chiwaikireni m'manda. Azibambo amene anasenda mbuziyo anali pachangu, wina foni ili kukhutu. Atafika pa mwendo wakumbuyo anangouika pachipika, nkhwangwa kha! kha! kha! zidutswa m'beseni. Ine ndinali pamphasa ndikusadzula chibwabwa, masamba a maungu, ndipo ndinangoti mumtima, ha, eni khomo apitadi. Akanakhalapo, mwendo umenewo sukanadulidwa msanga chotero. Akanayamba aitana mayi aliyense wobereka mwana kumbuyo kuti abwere adzaone kaye.

A Yotamu anali alamu anga, amuna a akulu anga a Esinati. Pamaliro pawo anthu analankhula zambiri: kuti anali mkulu wa mpingo, kuti ankaimba besi, kuti sanamenyepo mkazi. Zonsezo n'zoona. Koma palibe anatchula matako. Nanga matako mungawatchule pamaso pa abusa? Chonsecho ntchito yawo inali imeneyo. Zaka zambirimbiri anali dilesa pa kachipatala ka mishoni tsidya la kamtsinje kathu, kumanga mabala ndi kulasa nyeleti, imene ena amati jekeseni. Ambiri mwa amene ankalira tsiku lija anatsitsapo kabudula kapena kukweza chitenje pamaso pa munthu ameneyu. Ndipo chaka china moyo wa amai anga, aNabanda, unatsalira pa kachigamba ka thako kosaposa chikhatho cha khanda. Munthu yekhayo wodziwa kulasa pamenepo anali mkamwini wawo, amene mwambo sunkamulola ngakhale kuwayang'ana kumaso. Ndifika kumeneko. Ndiyambe ndi mbuzi.

Pakaphedwa mbuzi, kaya pa ukwati kaya pa Khirisimasi, alamu ankapempha mwendo umodzi wakumbuyo usanadulidwe. Ankauyala patsamba la nthochi, n'kumatsegula nyamayo pang'onopang'ono, kwambiri ndi chala chachikulu, mpeni pang'ono chabe. Ankati thako si nyama imodzi ayi. Pali yaikulu pamwamba, yokhuthala, imene imatidzutsa tikakhala pansi ndi kutikweza chitunda. Pansi pake pali ina yocheperapo, pansi pakenso kena kakang'ono, zoyalana ngati mabulangete atatu pabedi la m'nyengo yozizira. Akakweza yaikuluyo ankalowetsa chala, n'kutukula kachingwe koyera, kosalala, kosatuluka magazi.

Umenewo ndiwo unali mtsempha wawo. Ankaukonda ngati mwana. Pa mbuzi ndi wochepa, koma pa munthu wamkulu, ankatero, ndi wonenepa ngati chala. Umatuluka m'fupa la chiuno cha pakatikati pa thako, n'kudutsa pakati pa fupa limene timakhalira ndi chibumu cha fupa chimene mumachimva kumbali mukagonera nthiti pansi pouma. Kuchoka apo umatsika kuseri kwa ntchafu utabisala m'nyama, ndipo ukayandikira pakadzenje ka kuseri kwa bondo umagawikana pawiri, wina kupita kukatumba mpaka kunsi kwa phazi, wina kuzungulira kunja mpaka pamwamba pa zala. Ankati simuyenda magazi mmenemo, mumayenda mawu. Msana ukati phazi dzuka, mawuwo amadzera mmenemo. Phazi likaponda munga, dandaulo lake limakwerera mmenemonso.

Akatero ankatiuza kuti tipinde mwendo, aliyense adzigwire kuseri kwa bondo. Mudzigwire nanunso mumve: kuli tizingwe tolimba, tiwiri mkati, kamodzi kunja. Timeneto ndi mathero a nyama za kuseri kwa ntchafu, zimene zimayambira pa fupa lokhalira lija. Ndiye taganizani azimayi khumi, ovala za ukwati, ataima ndi mwendo umodzi ngati nkhuku pamvula, akudzipapasa.

“Alamu, ntchentche zatha nyama,” ndinkatero ine. “Tidye sukulu?”

“Iwe mlamu khala chete,” ankayankha osadzutsa mutu. “Pano palibe amene ali na munda ukulu kupambana wako. Uzimvetsetsa kuposa onse.”

Anthu kuseka. Ine ndi iwo tinkatukwanizana momwemo, poti chilamu chimalola.

Pomaliza ankaviika chala m'phulusa, n'kutembenuka, n'kujambula mtanda pa thalauzi lawo lomwe, thako limodzi kuligawa panayi. Ankaloza chigawo chapamwamba chakunja, kufupi ndi pamene pamadutsa lamba. Apo pokha, ankatero. Kwina konseko n'kwa eni ake.

Mwina mukuti munthu wamkulu ankavutikiranji ndi zimenezi. N'chifukwa cha ife. Kuno nyeleti tinkaikonda koopsa. Mapilisi tinkati n'ngonamizira ana. Munthu akabwera kuchipatala osalasidwa ankati sanandithandize. Ndipo tonse tinkadziwa, mmene timadziwira kuti dzuwa limatuluka kum'mawa, kuti polasa pabwino ndi pakati penipeni pa thako, poti ndipo pali nyama yambiri. Mayi akagoneka mwana chafufumimba pamiyendo, malo amene amatumphuka pamwamba ndi omwewo. Ululu ukathamanga ngati moto mpaka kuchidendene tinkakondwa, tinkati mankhwala afika.

Kunali munthu wina amene ankadya nacho chikhulupiriro chathuchi. Dzina lake lenileni sitinalidziwe, tinkangoti Dokota Wanjinga. Ankazungulira midzi ndi kachikwama kakuda, ndipo aliyense wofuna nyeleti ankamulasa, kaya ndi chifuwa kaya ndi kutopa. Tsiku lina analasa Tiyeseko, kamtsikana ka ba Luwisa, anansi athu a mtundu wa Asoli, amene makolo awo anatipatsa malo titabwera kuchoka ku Katete. Mwana anakuwa kuti mwendo wapsa. Dokota anati eya, afika. M'mawa mwake phazi linali lende, ngati tsamba la fodya lofota. Tiyeseko lero ndi agogo, amagulitsa mkaka pamsewu wa ku Palabana, koma poyenda amakwezabe bondo m'mwamba, phazi n'kugwa pansi, phwa. Mukamva phwa, phwa, pabwalo, mumadziwa wabwera ndani.

Ndi nthawi yokhayo imene ndinaona a Yotamu atapsa mtima kwenikweni. Anamupeza munthuyo pachigayo, anthu ali mbwee. Sanamumenye. Anangotembenuka n'kumupatsa mbuyo.

“Dokota, nionetseni. Mtsempha ukulu upita pati? Lozani apa pa thalauzi yanga.”

Uja anaseka, n'kuloza chapamwamba kumbali.

“Apo ndiye palibe. Manje mulasa pati?”

Analoza pakati.

“Apo ndiye ulili. Mwamvera imwe bonse? Athaba pamene palibe, alasa pamene ulili.”

Mukuganiza kuti anthu anamuthamangitsa? Ayi ndithu. Ena anati a Yotamu ndi nsanje. Dokota Wanjinga ankabwera pakhomo, sankafunsa mafunso, pamene alamu popanda pepala la sisita wa pachipatala sankalasa munthu ngakhale ugwade. Anawapatsa dzina loti Aumira. Inenso ndisaname, anandikanizapo nyeleti ya chifuwa n'kundipatsa timapilisi toyera, ndipo ndinakhala mwezi osawapatsa moni.

Anali ndi timakhalidwe tawo. Kasefuliya kowiritsira nyeleti kanali kakekake, ndipo tsiku limene a Esinati anaphikiramo mazira, m'nyumbamo munalibe kulankhulana mpaka Lamlungu. Polasa ankayamba akuwomba kambama pa thako linalo, iwe uli mkati modabwa, nyeleti yalowa kale kwina. Isanakankhidwe mankhwala ankafunsa funso limodzi, kwa mwana ndi kwa mfumu chimodzimodzi: kodi pali moto wotsika kumwendo? Atapuma ntchito ankakhala pakhonde kuyang'ana anthu odutsa, osati kumaso koma kumbuyo, mmene chiuno chikugwera. Amene sankawadziwa ankawaona ngati nkhalamba yopanda khalidwe. Koma ankatha kuitana munthu n'kumuuza kuti mwendo wako wamanzere ukukuwawa kuchokera kuthako, uja n'kuvomera ali kukamwa yasa. Madalaivala a maminibasi a ku Silverest ankawauza kuti achotse zikwama zotupa m'thumba lakumbuyo, chifukwa tsiku lonse akukhalira mtsempha ngati akukhalira njoka.

Tsono munthu yemweyu, wosaopa thako la aliyense, pamaso pa amai anga ankasanduka kamwana. Amai anabwera nawo mwambo wonse kuchokera kwathu, osasiyako ngakhale kachidutswa. Mkamwini sayang'anana ndi apongozi, sadya iwo akuona, satchula dzina lawo. A Yotamu chikwatirireni sanapondepo pabwalo lakutsogolo kwa nyumba ya amai. Ankadzera kuseri kwa nkhokwe, n'kunjuta pamenepo, n'kukhosomola. Mmodzi wa ife ana ankatuluka kukatenga moni n'kulowa nawo m'nyumba, n'kutulukanso ndi yankho, chonsecho awiriwo akumvana bwinobwino, khoma lake la mapesi. Akakumana panjira, alamu ankalowa patchire chipewa chili m'manja, amai n'kudutsa nkhope atatembenuzira kwina. Sikunali kudana. Amai akaphika nkhuku, chiwalo chabwino chinkapita kwa mkamwini. Ankanyadira kuuza anzawo kuti wanga ndi waulemu, nkhope yake sindiidziwa bwino.

Chaka chimene ndikunenachi mvula inagwa masiku ambiri osakata. Kamtsinje kanasefukira, mlatho wamitengo unapita. Amai anagwidwa ndi chibayo. Thupi moto, m'nthiti ngati mukulowa mkondo, mpweya wapamwambapamwamba. Ngolo sikanawoloka, ndipo kuwanyamula pamachira m'madzi amene aja kukanakhala kuwapha. M'mawa alamu anamanga zovala pamutu, n'kuwoloka madzi ali m'khosi, kukafotokozera sisita. Dzuwa lili pamutu anabwera ndi timabotolo tisanu ndi mawu akuti kamodzi patsiku, kuyambira lero lomwe, chifukwa mawa kapena mkuja mankhwalawo sadzapezanso womuchiza.

A Esinati analowa kukanena. Ine ndinali kumutu kwa mphasa ndi kapu ya madzi.

“Andilase ndani?” amai anafunsa.

“Akamwini anu, amai. Kulibe wina.”

Anatsinzina. Anapuma kangapo, mmene ankapumiramo, kenako anati, “Kauzeni anthu akumbe.”

“Amai!”

“Thupi ili analiona ndi malemu abambo ako. Mwamuna wa mwana wanga alione ndili moyo? Ndikachira, moni wake ndizidzaulandira ndi nkhope iti?”

Tinawachonderera mpaka anatulutsa mkono m'bulangete, n'kuti ngati n'choncho alase apa, iwo afunda kumutu. Ndinathamanga nawo mawuwo kuseri kwa nkhokwe. Alamu anapukusa mutu. Anati mankhwala ake ndi olimba ngati phala, amafuna nyama yokhuthala, ndipo mkono wa apongozi watsala fupa ndi khungu. Pantchafu? Amai atamva za ntchafu anatembenukira kukhoma.

Ndinati ndiphunzitseni ine ndilase. Anatenga dzungu, n'kundipatsa sirinji yawo yagalasi kuti ndiyesere padzungupo. Manja anga ozolowera khasu ndi munsi. Ndinabaya ngati ndikupha khoswe, nyeleti n'kupindika. Anali nazo ziwiri. Inatsala imodzi.

“Mlamu,” anatero, “dzungu yafa.”

Sindinaseke, iwonso sanaseke.

Apo ndi pamene a Esinati, misozi ili chuchuchu, anatumiza mawu kwa Dokota Wanjinga, poti ankakhala tsidya lathu lomwe lino. Kwa amai munthu ameneyo analibe vuto. Mlendo ndi mlendo, alibe chipongozi. Posakhalitsa tinamuona atakhala pakhonde kwa anansi, akukukuta chimanga chootcha, kudikira kuitanidwa.

“Mupatseni mankhwalawo alase iye,” a Esinati anauza amuna awo.

“Azalasa pakati.”

“Ndiye amai afe?”

“Akalasa pakati, olo bachire, bazakoka phazi mpaka kumanda. Sinimupatsa.”

“Inu ulemu wanu ndi mtsempha wanu! Amai anga akufa!”

Alamu anakhala chonjuta, akuyang'ana matope. Kenako anandikodola.

Anandiuza zochita, mawu ali pansipansi. Uwagoneke chammbali, nkhope kukhoma. Upapase mpaka upeze mzere wa fupa la chiuno pamwamba, ndi chibumu chija kumbali. Ujambule mtanda ndi khala monga pa thalauzi paja. Utenge chitenje chakale, uboole kabowo kolowa zala ziwiri, ukaike pa chigawo chapamwamba chakunja, kwina konse ufunditse, mutu ndi mapazi omwe. Anandiyesetsa katatu pa a Esinati, pamwamba pa zovala, mpaka anakhutira.

“Ukasiliza ukhale zii. Olo uone chani, olo umvere chani, usaseke. Wamvera, mlamu? Ukaseka wapha amai ako.”

Ananyamuka n'kupita kwawo.

Ndinachita monga anandiuzira. Amai anali opepuka ngati mtolo wa udzu. Anamva khala likuyenda pakhungu pawo, anamva lumo likudula chitenje, koma sanafunse kanthu. Ndinawafunditsa n'kukhala pansi.

Kenaka tinamva belu la njinga, ngiri ngiri, kuchokera kumsewu waukulu. Ndinasuzumira pakhomo. Anali alamu panjinga, atavala chikhoti choyera cha kuntchito, chimene kunyumba sankabwera nacho chovala, ndi magalasi amene ankawerengera Baibulo. Anadzera kutsogolo. Anatsika pakati pa bwalo la amai, nsapato zili kuphazi, chipewa chili kumutu. Ndipo anakuwa ndi mawu a m'tauni amene sindinawamvepo pakamwa pawo.

“Odi kuno! Ndiye pa nyumba pa ba Nabanda pano? Ine nachoka ku kiliniki, banituma ba sisita. Bali kuti ba peshenti? Nilibe taimu!”

Dzina la apongozi awo, pabwalo, anthu akumva! Kwa anansi onse anaimirira. Dokota Wanjinga analeka kutafuna. A Esinati anagwira pakamwa. Ine kuseka kunalibe n'komwe. Amai akanangonena kuti ameneyo ndi mkamwini wanga, zikanathera pomwepo. Ulemu wa zaka zonse zija ukanatayika tsiku limodzi, mlandu ukanapita kwa akuluakulu, ndipo Dokota Wanjinga akanalowa m'nyumba ndi kachikwama kake.

M'nyumba madzi ankadontha kudenga kugwera m'beseni, do, do. Ndinkangomva mpweya wa amai pansi pa chitenje.

“Tawafunsa,” anatero potsiriza, mawu ali kutali. “A chipatalawo, panjira akumana naye mkamwini wanga?”

Ndinaima pakhomo n'kufunsa, maso ali pansi.

“Mkamwini? Sinimuziba. Ine naona chabe ng'ombe.”

Ndinabweza mawuwo m'nyumba, ngakhale anali atawamva.

“Alowe,” amai anatero. “Koma achite msanga asanabwere. Ndi munthu waulemu ameneyo, angachite manyazi.”

Analowa. Sanayang'ane kumanja kapena kumanzere, maso anali pa kabowo basi. Anagwada. Anakanikiza kamodzi ndi chala pamwamba pa chitenje kufuna fupa, kuti aone ngati ndaika bwino, n'kugwedeza mutu. Anapukuta ndi thonje la sipiriti. Kambama kaja panalibe. Nyeleti inalowa.

“Pali moto wamene useluka ku mwendo, mayo?”

“Palibe.”

Anakankha mankhwala pang'onopang'ono, n'kuzula, n'kutuluka chambuyo. Belu ngiri ngiri, kubwerera kumsewu.

Patapita kanthawi kokwana kuwiritsa madzi, tinamva kukhosomola kuseri kwa nkhokwe. Ndinatuluka. Anali atanjuta pamalo pawo pa masiku onse, malaya awo akale, chipewa m'manja, mapazi opanda nsapato.

“Mlamu, odwala aswera bwanji?”

Ndinalowa, n'kutuluka ndi yankho. “Akuti kunabwera munthu wa chipatala. Akuti ndi wamwano pang'ono pakamwa, koma dzanja lake n'lopepuka.”

“Tiyamike Mulungu,” anatero, n'kupukuta nkhope ndi chipewa. Anakhala pamenepo nthawi yaitali nkhope ili m'chipewamo.

Masiku asanu zinayenda choncho. Lero kumanja, mawa kumanzere, ine ndikusuntha kabowo. Wa chipatala ankabwera ndi belu ndi mwano wake, mkamwini n'kubwera pambuyo kudzafunsa. Dokota Wanjinga anamaliza chimanga chake tsiku loyamba lija n'kukwera njinga. Tsiku lachinayi amai anatuluka thukuta, n'kupempha mbatata yootcha.

Anakhalanso zaka zambiri, mpaka kuona zidzukulutudzi. Ankapita okha kuchigayo ndi kutchalitchi, mapazi onse awiri akuponda bwinobwino. Ndipo mpaka tsiku limene anatisiya, nkhaniyi sinatuluke pakamwa pawo mwanjira ina. Akamafotokozera anzawo za matenda aja ankati masisitere anatumiza munthu wawo, kamunthu kakafupi, sindinakaone nkhope. A Esinati anayesapo tsiku lina kuseka nazo. Amai anangowayang'ana, ndipo a Esinati anakumbukira kuti pamoto pali ndiwo. Alamu anapitiriza kudzera kuseri kwa nkhokwe, kulowa patchire akakumana panjira, monga kale. Ine ndekha ndinkawaputa tikakhala awiri.

“Alamu, a chipatala aja anapita kuti?”

“Banabapasa tiransifa.”

“Kuti?”

“Kutali. Uleke kufunsa za bamuna, ndiwe wokwatiwa.”

Kumapeto mtsempha wawo womwewo unawatembenukira. Ululu unkayambira m'chiuno, kutsika kuseri kwa ntchafu mpaka kuchala. Ankakhalira thako limodzi, n'kumatilondolera ndi chala njira yonse imene ukudutsa, ngati akutionetsa msewu wa kwawo. Ankati zaka zonsezi ndakhala ndikuulambalala, lero wabwera wokha kudzandiona. Sichinawaphe chimenecho, chinawapha ndi chifuwa cha nyengo yozizira. Koma anadziwiratu, ndipo anaitana azibambo a pabanja n'kuwafunsa kuti adzawaika pati. Anawauza kuti pamzere wathu malo otsatira ndi oyandikana ndi aNabanda.

Akuti anadzuka n'kukhala tsonga, munthu amene anali atagona sabata yathunthu.

“Pafupi na apongozi? Mwapenga? Musiye malo pakati, ya munthu umozi. Ningagone bwanji pamene paja popanda wopitisa mau?”

Anawamvera. Mukapita kumanda kwathu, kuseri kwa minda kumene tsopano kwayamba kumera mapuloti ndi mipanda ya mabuloko, mudzaona mzere wa mitumbira yogundana ngati mizere ya mbatata. Pamalo amodzi pokha pali mpata, kukula kwake ngati mphasa yoyala. Kumanzere kuli amai, kumanja kuli alamu. Pampatapo pamera udzu ndi chisoso, ndipo mbuzi zimakonda kugonapo poti ndi posalala. A Esinati, amene tsopano maso achita mdima, amati malowo ndi awo, poti mwamuna ndi wawo, mayi ndi wawo. Ine ndimati ayi, amene ankathamanga ndi moni pakati pa nkhokwe ndi chitseko ndine, inu munkapotoza mawu. Timakangana ndithu, nkhalamba ziwiri, kulimbirana kadothi.

Pakali pano palibe wapita. Awiriwo angogona chete, moyandikana kuposa mmene anayandikiranapo ali moyo kupatula masiku asanu aja, ndipo chaka chathunthu chatha popanda wowafunsira kuti mwadzuka bwanji.